Kodi Maphunziro a Msilikari ndi Mphatso Kapena Mangawa?

Msilikari akavula zobvala za nkhondo, kodi maphunziro amene boma limlipirira ndiwo mphatso kapena mangawa? Ife titi ndi mangawa, pakuti mnyamatayo anapereka kwa dziko zaka zimene anzace anali kuphunzira nchito.

A ku America anabvomereza ici m'caka ca 1944, pamene Roosevelt anasaina lamulo la GI Bill. Pofika 1956 asilikari akale ngati 7.8 miliyoni anaphunzira nalo. Lamulo lina la 2008 limalipira miyezi 36, ndipo ambiri aphunzira pa intaneti ali kwao.

Koma pomwe pali ndalama afisi sacedwa. Masukulu ena amalonda anakopa asilikariwo ndi malonjezo a nchito, natseka zitseko mu 2015 ndi 2016, kuwasiya opanda digiri. Mu 2017 boma linawabwezera miyezi yotayikayo, ndipo linacita colungama.

Tsono tizindikire kuti mangawa otere sathera pa kuturutsa ndalama. Wobwereka khasu sabweza mpini wokha. Dziko likhala litalipira pokhapo munthuyo atapeza luso lodyetsa nalo banja lace.