Kodi Makina Amadziwa Kuiwala?

Acinyamata anzanga, kuyambira mu 2022 pamene boma linabweretsa maphunziro aulere, makalasi athu adzaza kwambiri. Motero tikamva za Khanmigo, mphunzitsi wa pakompyuta amene Khan Academy inatulutsa mu 2023, mtima umasirira. Makina otere amapatsa mwana aliyense mafunso omuyenera, nasunga zimene wakhoza ndi zimene walakwa. Mphunzitsi mmodzi sangathe zimenezi.

Koma cimene cindivuta ndico kusungako. Tinene kuti mtsikana walephera masamu temu yonse cifukwa usiku anali kudwazika amai ake. Makina aona manambala cabe, nampatsa mafunso ofewa monga munthu wosamva za m'kalasi. Kodi mbiri imeneyo idzamtsata kufikira liti? Adzaiwerenga ndani?

Petro anakana Ambuye katatu usiku umodzi. Ndi mbiri yotere, makina akadambweza ku kalasi ya pansi. Koma Yesu, m'mbali mwa nyanja ya Tiberiya, anamfunsa za cikondi, nampatsa nkhosa zake kuti aziwete (Yohane 21).

Makinawa akadzafika pasukulu panu, pemphani makolo akafunse pa msonkhano wa PTA: ndani ali ndi mphamvu yofafaniza zolakwa zakale za mwana?