Chilema Chimene Wogula Sadafunse

Mabanja ambiri a m'mbali mwa nyanja, kuyambira ku Nkhotakota, Senga Bay ndi Chipoka mpaka ku Makanjira, akuidziwa nkhani iyi. Ndalama zasonkhanitsidwa kwa zaka zitatu kapena zinayi. Zina zachokera pa usipa, zina pa mpunga, zina adatumiza mwana amene ali ku Joni. Banja lamanga mfundo yogula Sienta kapena Probox yoti izinyamula anthu ndi katundu. Mnyamata wodziwa foni wapeza chithunzi pa Facebook: galimoto yonyezimira, matayala akuda bii, ndipo m'munsi mwake mwalembedwa kuti ilibe vuto lililonse, mtengo ngokambirana. Mwini wake akuti tikampeze ku Falls, ku Area 1 mumzinda wa Lilongwe. Tikwera minibasi titangoswali Fajr, titsikira ku depoti, ndipo dzuwa lisanafike paliwombo taimirira pakhomo la munthu amene sitidamuonepo, tikuzungulira chuma chimene m'mimba mwake sitingathe kuonamo.

Tiyerekeze kuti mwini galimotoyo akudziwa chinthu chimodzi: giyabokosi imayamba kuzembera ikatentha, makamaka pamtunda. Ife tafunsa za injini, iye wayankha zoona kuti injini ili bwino. Tafunsa za mapepala, watisonyeza blue book. Taizungulitsa pang'ono m'misewu ya ku Falls, yayenda bwinobwino pakuti siidatenthe. Za giyabokosi sitidafunse, naye sadanene. Palibe liwu limodzi labodza limene latuluka m'kamwa mwake. Kodi munthuyu watinamiza?

Alipo ambiri amene angayankhe kuti ayi, ndipo mfundo yawo siyoiponyera kutali msanga. Amati msika uli ndi malamulo ake odziwika kwa aliyense. Wogulitsa amatama, wogula amanyoza, ndipo mtengo umakagwera pakati. Wogula galimoto yakale amadziwa kale kuti sakugula yatsopano, n'chifukwa chake amalipira zochepa. Ngati sadabwere ndi makaniko, ulesi ngwake. Amawonjezanso kuti munthu woulula chilema chilichonse cha katundu wake adzafa wosauka, pamene anzake obisa akumanga nyumba.

Chisilamu chidayankha funsoli kalekale, galimoto zisanabwere. M'buku la Hadith la Imam Muslim muli nkhani imene adasimba Abu Hurairah (Allah asangalale naye), yakuti Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye) adadutsa pamene munthu wina ankagulitsa mulu wa chakudya. Atapisamo dzanja adapeza kuti chamkati n'chonyowa. Mwini wake adati chidavumbwidwa ndi mvula. Mtumiki adamfunsa chifukwa chimene sadaikire chonyowacho pamwamba kuti anthu achione, ndipo adanena poyera kuti wachinyengo sali kumbali yake. Tiyeni tione bwino: wamalondayo sadalankhule bodza. Adangosanja katundu wake mwanzeru, chouma pamwamba, chonyowa pansi. Chinyengo chake chidali m'manja, osati pa lilime. Chithunzi cha pa Facebook chojambulidwa mbali imene siidagundidwepo, injini yotsukidwa m'mawa kuti oyilo wodontha asaoneke, kanyali kochenjeza kamene kazimitsidwa dala, zonsezi ndi mulu womwewuja.

Palinso lamulo lina loyandikira kwambiri nkhani yathu. Aluya ena ankasiya kukama ngamira kapena nkhosa kwa masiku angapo asanaigulitse, kuti bere litupe, wogula aganize kuti imatulutsa mkaka wambiri. Mtumiki adaletsa mchitidwewu, napereka ufulu kwa wogula woti akazindikira aisunge kapena aibweze pamodzi ndi muyeso umodzi wa tende, kulipira mkaka umene wakama. Wobweza m'mbuyo manambala a mileji, kuti galimoto imene yayenda makilomita 190,000 ioneke ngati yayenda 70,000, akuchita zomwezo. Apa maulama adatengapo mfundo yakuti wogula akapeza chilema chakale chimene chidabisidwa, chochepetsa mtengo kapena ntchito ya katunduyo, ali ndi ufulu wobweza. Choncho yankho n'lakuti inde, kukhala chete kukhoza kukhala bodza, ngati tikudziwa kuti mnzathu akadadziwa chimene tikudziwacho sakadagula, kapena sakadalipira ndalama zimenezo.

Galimoto ili ndi kulemera kwina kumene mulu wa chakudya ulibe. Chimanga chonyowa chimapweteka wogula yekha. Galimoto ya mabuleki okayikitsa imanyamula amayi opita kusikelo, ana a ku madrasa, ndi anthu operekeza maliro. Aliyense amene adatsikapo Khwekhwerere kulowera ku Golomoti akudziwa zimene mabuleki amatanthauza. Wobisa chilema chotere wagulitsa ngozi kwa anthu amene sadakhale nawo pokambirana mtengo.

Nanga mfundo ija yakuti msika umadzikonza wokha? Tiyeni tione mmene galimotozi zimatipezera. Zambiri zimachokera ku Japan kudzera m'makampani monga Be Forward ndi SBT, zimatsikira padoko la Dar es Salaam, n'kulowa m'dziko muno pachipata cha Songwe, kumene bungwe la MRA limadula msonkho potengera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, kuitanitsa galimoto kunja kudasanduka phiri kwa banja wamba. Ambiri a ife tsopano timagula kwa wachiwiri kapena wachitatu muno momwemo, ndipo dzanja lililonse limene galimoto yadutsamo lasiyamo chinsinsi chake. Katswiri wa zachuma wa ku America, George Akerlof, adalemba za msika wotere mu 1970, ndipo mu 2001 adalandira nawo mphoto ya Nobel. Mfundo yake idali yakuti wogula akalephera kusiyanitsa galimoto yabwino ndi yoipa, amalipira mtengo wa chikaiko pa zonse. Mwini galimoto yabwino amaona kuti akuluza, ndiye sagulitsa. Pamsika pamatsala zoipa zokhazokha. Wobisa chilema samangobera wogula mmodzi. Amaberanso mnzake woona mtima amene mawa palibe adzamkhulupirire. Mtumiki adaphunzitsa kuti ogulitsana akanena zoona ndi kulongosola amadalitsidwa m'malonda awo, ndipo akabisa ndi kunama madalitsowo amafafanizidwa. Akerlof adangoonetsa ndi masamu mmene kufafanizikako kumaonekera pamsika.

Koma tisaloze chala wogulitsa yekha, pakuti nafenso ogula tili ndi mulu wathu wonyowa. Kunenerera n'kololedwa. Mtumiki mwini wake adakambirana mtengo wa ngamira ndi Jabir bin Abdullah ali paulendo. Chololedwa ndi kulimbirana mtengo, osati kupotoza choona. Tikamanena kuti tamva kaphokoso mu injini pamene sitidamve, tanama. Tikamati taona ina yofanana nayo ku Area 25 yotsika mtengo pamene kulibe, tanama. Tikalumbira dzina la Allah kuti ndalama zathera pomwepa, zina zili m'thumba lamkati, tagulitsa lumbiro pamtengo wa tayala limodzi. Ndipo tikamva kuti mwini galimoto akugulitsa chifukwa mkazi wake wagonekedwa kuchipatala, kapena fizi ya mwana yamuthina, ife n'kutsitsa mtengo mpaka pansi podziwa kuti sangakane, mwina malondawo aoneka omangika pamaso pa anthu, koma tadya misozi ya mnzathu. Kumbali ya wogulitsa kulinso sewero lodziwika: foni imalira tili pakati pokambirana, mnzake akunamizira kukhala wogula wina amene ali m'njira ndi ndalama zonse. Shariya imautcha mchitidwewu najsh, kukweza mtengo ndi munthu amene alibe cholinga chogula, ndipo ngoletsedwa. Dobadoba amene wayimirira pakati alibe mlandu polandira yake ya ntchito, bola mbali zonse zidziwe kuti akudya zingati ndipo akuimira yani.

Mayeso aakulu koposa amabwera pambuyo pake. Tabwerera kunyanja ndi Sienta yathu, patha masabata atatu, giyabokosi yayamba kuzembera. Foni ya ku Falls sikupezekanso. Makaniko watchula mtengo umene tilibe. Achibale akutilangiza kuti tiitsuke, tiijambule, tiike pa Facebook isanafe. Mtima ukuti: inenso adandigulitsa chonchi, ndalakwanji kuti ndiluze ndekha? Apa ndi pamene chiphunzitso chimapweteka, chifukwa wolankhulayo si wakuba, ndi woberedwa. Komabe amene tikufuna kumpatsira katunduyu si uja adatinyenga. Ndi banja lina, mwina la ku Namwera kapena ku Malindi, limene nalonso lasonkhanitsa ndalama za usipa kwa zaka zinayi. Kuponderezedwa kumatipatsa ufulu wotsata wotiponderezayo, kupolisi, kubwalo la milandu, ngakhale pamaso pa Allah Tsiku la Chiweruzo. Sikutipatsa ufulu pa chuma cha munthu wachitatu. Tikaulula chilemacho tidzaluza ndalama, ndipo tisanamizane kuti nthawi zonse zimabwerera mawa lake. Nthawi zina sizibwerera pano padziko. Chimene tagula ndi kuluzako n'chakuti bodza limene lidayenda m'manja atatu lathera m'manja mwathu, ndipo chakudya cha ana athu chakhala cha halaal.

Kukhulupirirana sikuletsa kusamala. Akulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Ku Biwi, kumene kuli amakaniko ambiri, si kutali ndi ku Falls. Titenge makaniko wathu, osati wosankhidwa ndi wogulitsa, ndipo galimoto iyende mtunda wautali mpaka itenthe. Nambala ya chesisi ifanane ndi ya pa blue book, dzina la pa blue book lifanane ndi la pa chiphaso cha amene akulandira ndalama, ndipo kusintha umwini kukachitikire ku Road Traffic onse awiri alipo. Tisatumize ndalama ya chikole pa Airtel Money kapena Mpamba kwa munthu amene tangomva mawu ake pafoni. Ayah yaitali kuposa zonse m'Qur'an, ya 282 m'Surah Al-Baqarah, ikunena za kulemba ngongole ndi kuika mboni pamalonda. Ngati Allah adaona kuti okhulupirira afunika pepala ndi mboni pakati pawo, tisachite manyazi kupempha kuti zilema zonse zodziwika zilembedwe, ndi kuti pakhale masiku ogwirizana obwezera galimoto ikaonetsa chobisika. Wogulitsa woona mtima sakhumudwa ndi pepala, chifukwa naye limamteteza.

Pafupifupi aliyense wa ife amene lero akugula galimoto, tsiku lina adzaigulitsa. Pa tsikulo tidzakhala ndife odziwa za giyabokosi, ndipo pakhomo pathu padzaima munthu wofumbira ndi ulendo, ndalama za banja lake zili m'chikwama, akufunsa za injini yokha. Tidzamuuze asanafunse. Tidzatsegule boneti, tidzamsonyeze podontha oyilo, tidzatchule ngozi imene idachitika chaka chatha, kenaka tidzayambe kukambirana mtengo wa galimoto imene ilipodi.