KUSUNGA CHAKUDYA NDI KUTHOKOZA ALLAH

Bismillahir Rahmanir Rahim.



M'chaka cha 2025 Ramadhani inatipeza m'Malichi, nkhokwe zili mbee, chimanga chisanakhwime. Zinthu zinali zitakwera kale, pakuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndipo mu 2024 chilala chinaotcha minda. Mabanja ambiri anamasula swaumu ndi phala lokha. Kodi taphunzirapo chiyani?

Ndinakacheza kwa abale athu a kumapiri a Dowa ndi Ntchisi. Kumeneko munda uli pamtsetse, ndipo mlimi akapanda kuunga akalozera, mvula imakokolola nthaka pamodzi ndi mbewu. Feteleza atadula, ena anatembenukira ku manyowa a m'khola. Amabzala chimanga, mtedza, soya ndi nyemba, chilimwe n'kutsikira kudimba. Si moyo wofewa ai. Mbuzi zimafa, anankafumbwe amaloŵa m'matumba. Koma bala lalikulu ndi ili: kugulitsa kwa mavenda mu Meyi pa mtengo wolira, n'kudzagulanso chimanga chomwecho mu Januwale pa mtengo woboola thumba.

Ife a kunyanja matenda athu ndi omwewo. Usipa ukaphedwa wambiri, ndalama imathera tsiku lomwelo.

Kumbukirani Mneneri Yusufu (A.S.) m'Sura ya 12. Iye analangiza Aiguputo kusunga tirigu m'ngala zake pa zaka 7 za dzinthu, ndipo anapulumuka zaka 7 za njala. Yusufu anali wodalira Allah kuposa ife tonse, komabe anasunga. Tawakkul si kupinda manja.

Tsono chitani izi. Futari isakhale phwando. Pemphani zimene mphika wa amayi ungathe. Mukakolola mpunga kapena chimanga, patulani choyamba chakudya cha banja ndi mbewu. Musasiye chinangwa, chimapirira dzuŵa. Zokolola zikafika pa nisabu, pafupifupi makilogalamu 650, perekani Zakaat: gawo limodzi mwa 10 ngati munda unamwa mvula, limodzi mwa 20 ngati munathirira movutikira. Zakatul Fitri iperekedwe swala ya Idi isanayambe, kuti mayi wamasiye nayenso asonkhe moto.

Swaumu imatiphunzitsa kudzimana lero chifukwa cha maŵa. Wakutsina khutu ndi mnansi.

Allah alandire swaumu zathu ndi kudalitsa minda yathu. Amin.