Musangovina, Funsani Chimene Chinamuimbitsa

Adzukulu anga, mukamva lipenga la Hugh Masekela likulira m'nyimbo ija yotchedwa Stimela, dziwani kuti munthuyo akuimba za agogo anu. Ena mwa inu mumaimva pa wayilesi n'kumagwedeza mutu poti ikukoma, osadziwa kuti dziko la Malawi likutchulidwa ndi dzina m'menemo, pamodzi ndi Zambia, Mozambique ndi maiko ena amene ankatumiza amuna awo ku migodi ya ku Johannesburg. Sitima imene akuinenayo ndi ija inkanyamula anthu a ku Joni.

Masekela anabadwa mu 1939 ku Witbank, tawuni ya migodi ya malasha, ndipo anakulira kwa agogo ake aakazi amene ankagulitsa mowa mobisa kwa anthu a m'migodi. Amuna amene akuwaimbawo anawaona ndi maso ake akadali mwana. Anachoka kwawo mu 1960, chaka chimene apolisi anapha anthu 69 ku Sharpeville, ndipo anakhala kunja zaka 30. Stimela anaijambula mu 1974 ali ku America, iyenso ali mtchona, ngakhale kuti iye chinamutchonetsa ndi tsankho. Mukamvetsera bwino, pali pamene amasiya lipenga n'kutsanzira ndi pakamwa kulira kwa sitima. Sachita zimenezo pokometsera nyimbo. Amuna a m'migodi ankaitemberera sitimayo chifukwa ndiyo inawachotsa kwa akazi ndi ana awo.

M'chaka chomwecho cha 1974, mwezi wa April, ndege ya Wenela inagwa itangonyamuka ku Francistown m'dziko la Botswana, n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kumudzi atamaliza ntchito yawo. Anthu athu ankakwera ndege kuchokera kuno kukafika ku Francistown, kenako sitima mpaka ku Joni. Nthawi imeneyo Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya South Africa, ndipo ngoziyo itachitika Kamuzu analetsa kulemba anthu kwa zaka zingapo. Ife okulira m'midzi timakumbukira mmene munthu wa ku Joni ankafikira: bokosi lachitsulo lopentedwa, bulangeti lolemera, njinga yatsopano, wayilesi paphewa, mudzi wonse n'kutuluka kudzaona. Chimene sitinkachiona tsiku limenelo ndi chifuwa chimene anabwera nacho, cha fumbi la miyala, chimene chinkayamba kumusautsa ndalama zitatha kale. Ena sanabwerenso n'komwe, ndipo akazi awo anakalamba akudikira kalata. Mukamakwera basi pa Wenela mu Blantyre muja, dzina limenelo n'la kampani imene inkawalemba.

Langizo langa ndi ili. Nyimbo imene yakhalitsa, imene anthu akuimbabe mwini wake atafa, kawirikawiri ili ndi chimene chinamuimbitsa. Mafoni anu adzaza nyimbo zambiri kuposa zimene ife tinamva pa MBC ndi pa makaseti unyamata wathu wonse, koma mumazithamangitsa: iyi isanafike pakati, chala chasuntha kale, ina yabwera. Kuimba nyimbo osafunsa nkhani yake kuli ngati kuvala jekete la pakaunjika osapisa m'matumba. Muzifunsa kuti anapeka ndani, anali kuti, chinamuwawa n'chiyani, nanga ndalama zake anadya ndani. Foni yomweyo imene mumavinira ikhoza kukuyankhani, ndipo zina akulu a pakhomo panu akuzidziwa.

Taonani Neria ya Oliver Mtukudzi. Palibe wa msinkhu wanga amene saidziwa, ngakhale amene Chishona samva. Nyimboyi inachokera mu filimu ya ku Zimbabwe ya kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, imene nkhani yake inalembedwa ndi Tsitsi Dangarembga. Neria ndi mayi amene mwamuna wake wamwalira mwadzidzidzi. Misozi isanaume, mlamu wake watenga buku la ku banki, galimoto, katundu wa m'nyumba, mpaka ana, akuti mwambo ukutero. Mtukudzi anasewera mufilimumo ngati mlongo wake wa Neria, ndipo nyimboyo ndi mawu a mlongo kulimbitsa mtima mkazi wamasiye. Mapeto ake mayiyo anapita kukhoti n'kupambana. Inu anyamata, nkhani imeneyi si ya ku Harare kokha. Ndaonapo amuna amene amaimba Neria atatsinzina, botolo lili m'manja, koma mchimwene wawo atamwalira anali oyamba kubwera ndi lole kudzanyamula mipando, firiji ndi makina osokera, alamu awo akadali pamphasa ya maliro. Kuno kwathu lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 linanena poyera kuti kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Tsiku limenelo lidzakufikirani nanunso, pamene amalume adzakunong'onezani kuti katundu wa m'bale wanu asapite kwa akubanja la mkazi. Mudzakumbukire kuti m'nyimbo muja muli amuna awiri, mlongo ndi mlamu, ndipo mudzasankhe kuti inu ndinu uti. Mtukudzi anamwalira pa 23 January 2019, tsiku lomwelo limene mnzake Masekela anamwalira chaka cham'mbuyo mwake.

Inu munabadwa pakamwa pali potsegula, ndiye zina mukazimva mumaseka. M'nthawi ya chipani chimodzi kunali bungwe loona zimene anthu aziwerenga, kuonera ndi kumvera, lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1968. Nyimbo ya Simon ndi Garfunkel yotchedwa Cecilia, ya mu 1970, inaletsedwa m'dziko muno. Azungu awiriwo za Malawi sankaziganiza n'komwe; inali nyimbo ya mwamuna wodandaula za chibwenzi chake basi. Tsoka lake linali dzinalo, poti linafanana ndi la Mama Cecilia Tamanda Kadzamira. Ngati nyimbo ya kutsidya kwa nyanja inkaopedwa choncho, ganizani mmene woimba wa ku Thyolo kapena ku Dedza ankayezera mawu ake asanawatulutse.

N'chifukwa chake Mabala ya Lucius Banda inagwedeza anthu mmene inachitiramo. Mnyamata wa ku Balaka uja, amene anakulira mu Alleluya Band pambuyo pa mkulu wake Paul, anaitulutsa mu chimbale cha Son of a Poor Man dziko litangovota pa referendamu ya 14 June 1993. Omvera ake anali anthu amene abale awo anatsekeredwa ku Mikuyu ndi ku Dzeleka popanda kuzengedwa mlandu, Mboni za Yehova zimene zinathamangitsidwa m'midzi mwawo, ndi onse amene ankadziwa mumtima kuti andale anayi aja amene anafera ku Mwanza mu 1983 sanafe pangozi ya galimoto. Zaka zonsezo anthu ankazinena monong'ona, chitseko chili chotseka. Kumva zipsera zimenezo zikutchulidwa pa kaseti, m'basi, masana dzuwa likuswa mtengo, kunali chinthu chimene inu simungachimvetse pokhapokha wina atakufotokozerani. Lucius anamwalira mu June 2024.

Evison Matafale wa ku Chileka sanakhalitse. Anatulutsa Kuimba 1 ndi Kuimba 2, nyimbo zake zodzaza mavesi a m'Baibulo ndi kudandaula za anthu osauka, ndipo mu November 2001, mu ulamuliro wa Bakili Muluzi, anamangidwa chifukwa cha kalata yodzudzula boma. Anamutenga akudwala, n'kupita naye ku Lilongwe, ndipo pa 27 November anamwalira ali m'manja mwa apolisi. Boma linati anafa ndi matenda. Abale ake ndi Amalawi ambiri sanavomereze. Apo n'kuti dziko lili kale m'zipani zambiri. Ma Black Missionaries, gulu lake, anapitiriza kuimba, ndipo ambiri mwa inu mumadumpha ku madansi awo mpaka mbandakucha. Dumphani ndithu, sindikuletsani. Sindikukuuzaninso kuti mukafunefune imfa. Koma dziwani kuti mawu ena amene mumakuwa muli thukuta kamukamu analipiridwa ndi moyo wa munthu, ndipo inu amene muli ndi mphatso yopeka musamachite manyazi ochepa chonchi, kuti lero mwaimba kutamanda uyu pamsonkhano chifukwa cha envelopu, chisankho chikadutsa mwasintha dzina lokha m'nyimbo yomweyo n'kukaimbira wina.

Tsopano za ndalama, poti ambiri mwa inu muli ndi kastudiyo kuchipinda, kompyuta ndi maikolofoni, ndipo mukulota kutchuka. Mu 1939 Mzulu wina dzina lake Solomon Linda, ndi gulu lake la Evening Birds, analowa mu studiyo ya kampani ya Gallo ku Johannesburg n'kujambula nyimbo yotchedwa Mbube, yokamba za mkango. Kamvekedwe kaja kamene dziko lonse limakadziwa lero anangokatulutsa pomwepo akujambula. Anamupatsa mashereni 10, nkhani n'kuthera pomwepo, ndipo iye ankagwira ntchito yolongedza zimbale pakampani yomweyo. Chimbalecho chinagulidwa kwambiri kummwera kuno, kenako chinaoloka nyanja. Pete Seeger ndi gulu la The Weavers anaiimba ku America kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950 n'kuitcha Wimoweh. Mu 1961 gulu la The Tokens linaiimba ndi mawu achingerezi monga The Lion Sleeps Tonight, ndipo inafika pa nambala wani. Mu 1994 inalowa mu filimu ya Disney ya The Lion King, imene ena a inu munaonera muli ana.

Nanga Linda? Anamwalira mu 1962 ali wosauka, ndipo panapita zaka 18 banja lake lisanathe kuika mwala pamanda ake. Ana ake aakazi anakulira ku Soweto akumva nyimbo ya bambo awo pa wayilesi, mayina a anthu ena atalembedwa kuti ndiwo anapeka. Zinatengera mtolankhani Rian Malan kulemba nkhaniyi m'magazini ya Rolling Stone mu 2000 kuti dziko lichite manyazi. Mlandu unayamba mu 2004, ndipo mu 2006 anagwirizana kuti banjalo lilipidwe ndi kuti dzina la Linda lizilembedwa pa nyimboyo. Mwini wake anali atagona m'manda zaka 44. Linda sanali wopusa. Anali munthu wakuda wosadziwa kuwerenga m'dziko limene malamulo ake sanalembedwere iye. Inu sukulu munapita, ndiye mulibe chonamizira. Safunsa anadya phula: pepala lililonse limene akupatsani ku studiyo kapena kwa wokonza madansi, pitani nalo kunyumba, muliwerenge, mumuonetse wina wodziwa, musanasayine. Bungwe la COSOMA lilipo kuyambira 1992 kuti lizilemba nyimbo za anthu m'kaundula ndi kutolera ndalama ku mawayilesi ndi malo azisangalalo. Kalembetseni nyimbo yanu isanatchuke, chifukwa ikatchuka eni ake amachuluka.

Dzina la pachimbale likhozanso kudyetsa anthu. No Woman No Cry ya Bob Marley inalembedwa m'dzina la Vincent Ford, mnzake wa ku Trench Town mu Kingston, amene ankaphikira anthu osauka chakudya pabwalo lake, Marley yemweyo ali m'gulu la odyawo asanatchuke. Ambiri amakhulupirira kuti Marley anachita dala kuti ndalama za nyimboyo zizipita kwa mnzakeyo.

Koma pamene ndikuopa kwambiri ndi pakuti inu mukhoza kukhala Gallo wa munthu wina. Masiku ano mwayamba kukonda kutola nyimbo zakale, za a Allan Namoko, za a Daniel Kachamba, za a Robert Fumulani, ngakhale za amayi a pamtondo, n'kuziika pa ng'oma za kompyuta. Ndi chinthu chabwino, ndipo ine chimandisangalatsa. A Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu, obadwa mu 1930, anaimba zaka zambirimbiri m'misika ndi m'malo omwera mowa, anthu akuwaponyera timakobidi. Linny Hoo anaimbira mwana wawo wamkazi, nyimbo ya pakhomo, ya bambo ndi mwana wake. Mu 2020 Patience Namadingo anaimba nawo pamodzi, ndipo pasanapite nthawi nyimboyo inafalikira pa TikTok, anthu mamiliyoni m'maiko akutali akuivina, pamene agogowo analibe ndi foni yoonera zimenezo. Chimene ndimamuyamikira Namadingo ndi chakuti sanatenge nyimboyo n'kuthawa nayo. Anakhala nawo pansi, nkhope yawo ikuoneka, dzina lawo lili patsogolo.

Nanunso muzitero. Mukafuna nyimbo ya munthu wamkulu, pitani kwawo, odi pakhomo, mukhale pansi, muwafunse kuti anaipeka liti ndipo chinachitika n'chiyani. Mujambulenso zimene akufotokozazo, poti nthawi zambiri zimaposa nyimboyo. Ngati anamwalira, funani mkazi wawo kapena ana awo. Mugwirizane za ndalama musanalowe mu studiyo, osati nyimbo itayamba kale kulira m'maminibasi. Zimene mwagwirizanazo zilembedwe m'chilankhulo chimene iwo amamva, wina awawerengere mokweza, ndipo mwana wawo mmodzi ndi a mfumu asayinepo ngati mboni.