Chishalo Chikathyoka: Mfundo Zofunika Kuzilingalira

Chishalo chimene oweta ng'ombe a kumadzulo kwa America amakwerapo chinachokera kwa abusa a ku Mexico otchedwa vaquero. Kutsogolo kwake kuli nyanga yokulungapo chingwe munthu akakola ng'ombe, ndipo chogwirira ntchito yeniyeni chimalemera makilogalamu 15 mpaka 20. Chopangidwa bwino chimatha zaka makumi angapo, bambo n'kusiyira mwana. Koma chimawonongeka ndithu, ndipo tsiku limenelo mwini wake amatulutsa pepala la waranti (lonjezo la wopanga) n'kuyamba kuwerenga zimene sanawerenge pogula.

1. Chimene chanyamula zonse sichioneka. Pansi pa chikopa chozokotedwa maluwa pali chimango, chimene amisiri a kumeneko amachitcha tree. Kawirikawiri chimakhala cha matabwa okutidwa ndi chikopa chosafufuta chimene chimasokedwa chili chonyowa kuti pouma chikungike, kapena okutidwa ndi fiberglass. Zishalo zina zimakhala ndi chimango cha pulasitiki yolimba. Ntchito yake ndi kugawa kulemera kwa wokwera mbali ziwiri za msana wa hatchi kuti fupa la msana lisapsinjike. Chikang'aluka, kunja chishalo chimaonekabe chabwinobwino. Mmisiri wodziwa amachiimika pansi chakutsogolo, n'kukanikiza kumbuyo kwake, akumvetsera ngati chikulira kapena kupindika pamene sichiyenera kupindika. Wogula amene maso ake ali pa siliva ndi maluwa amalipira zokongoletsa, chonsecho opanga zishalo eni ake amadziwa pamene pali mtima wa katundu wawo: waranti ya chimango imakhala ya zaka zingapo, kwa ena moyo wonse wa chishalocho, pamene ya chikopa ndi masokedwe nthawi zambiri ndi ya chaka chimodzi chokha.

2. Safunsa anadya phula. Ku America kuli lamulo la mu 1975 lotchedwa Magnuson-Moss Warranty Act. Silikakamiza kampani kupereka waranti yolembedwa, koma ikapereka, iyenera kulemba momveka kuti ndi yathunthu kapena ya malire, ndipo wogula ali ndi ufulu woiwerenga asanatulutse ndalama. Za zishalo zambiri ndi za malire. Zimakonda kunena kuti lonjezo ndi la mwini woyamba yekha, kuti lisiti isungidwe, ndiponso kuti ndalama zotumizira chishalo ku fakitale ndi za wogula. Kutumiza katundu wolemera chonchi kuchokera ku Montana kupita ku Texas si nkhani ya masenti. Munthu amene wagula chishalo chakale pamsika wa ziweto, naganiza kuti lonjezo la kampani lamutsatira, wadzinamiza yekha.

3. Mfundo iyi ndiyo yovuta, chifukwa imakhudza chilungamo cha mwini chishalo. Waranti imaphimba cholakwa cha wopanga: thabwa lomwe linali ndi mng'alu kuyambira pachiyambi, mphete ya lamba yosokedwa mofooka. Siiphimba ngozi. Hatchi ikagubuduka pansi chishalo chili pamsana, ikadzuka ndi miyendo iwiri n'kugwa chagada, kapena galimoto ikaponda chishalo pabwalo, chimango chimathyoka ngakhale chitapangidwa ndi mmisiri wotani. Palinso wina amene amatenga chishalo chopepuka cha mpikisano wozungulira migolo n'kukolera ng'ombe yamphongo, pamene nyanga yake sinapangidwire kukoka kotero.

Apa ndi pamene mayesero amalowa. Kalata yopita ku kampani imalembedwa ndi munthu mmodzi, mboni palibe, ndipo hatchi siyankhula. N'kosavuta kulemba kuti chinangothyoka chokha ndili paulendo wamba. Amisiri akachiphwasula amatha kuona ngati thabwa linasweka ndi kumenyedwa kamodzi kwamphamvu kapena linali lofooka kale, koma si nthawi zonse pamene umboni umakhala woyera. Ine ndikuona kuti bodza lotere ndi kuba basi, ngakhale wobedwayo akhale kampani yaikulu yosadziwa nkhope yako. Ndipo kampani nayo ikathawira ku mawu akuti "mwagwiritsa ntchito molakwika" pa cholakwa chimene ikudziwa kuti n'chake, yabanso chimodzimodzi. Pepala limangogwira ntchito ngati mbali zonse ziwiri zikunena zoona pa zimene mnzawo sangathe kuzitsimikiza.

4. Usanakonze, funsa kaye. Lamulo lija sililola kampani kukana waranti pa chifukwa chokhacho chakuti munthu anakonzetsa kwina, koma imatha kukana kulipira zimene mmisiri winayo wawononga. Choncho kujambula zithunzi, kulemba nambala yodindidwa pa chishalo, ndi kuyankhula ndi wogulitsa kuyenera kubwera mpeni usanakhudze ulusi.

5. Zambiri zimene zimapha chishalo sizilembedwa pa pepala lililonse, chifukwa ndi ntchito ya mwini. Thukuta la hatchi lili ndi mchere umene umaumitsa chikopa mpaka kuchita ming'alu. Chinyezi chimabweretsa chuku. Mafuta a neatsfoot amafewetsa chikopa, koma akachuluka chimalefuka n'kuyamba kutamuka. Ubweya wa nkhosa wa kunsi umatha, njenjete ndi mbewa nazo zimaukonda, ndipo mmisiri amatha kuuchotsa n'kusokerapo wina. Koma choopsa koposa ndi kalamba kachikopa kamene kamamanga lamba wa pamimba pa hatchi ku mphete ya chishalo, kotchedwa latigo, pamodzi ndi zingwe zonyamula zopondapo. Mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi chishalo chonse, komabe kakaduka hatchi ili pa liwiro, wokwera amagwa pamodzi ndi chishalo chake. Anthu amazengereza kusintha kalamba kotchipa, koma amakhala okonzeka kukangana miyezi yathunthu pa nkhani ya waranti. Zili ngati munthu wosiya denga likudontha kwa zaka, n'kudzakalipira amene anaumba njerwa khoma litagwa.

6. Si chilichonse choyenera kukonzedwa. Kusintha chimango kumafuna kuphwasula chishalo chonse, chikopa ndi chikopa, kenako n'kuchimanganso pa chimango chatsopano chofanana kukula ndi chakale. Pa chishalo chotuluka m'manja mwa amisiri odziwika, monga a Hamley ku Pendleton m'chigawo cha Oregon kapena a King ku Sheridan m'chigawo cha Wyoming, ntchito imeneyo ikhoza kukhala yoyenera. Pa chotchipa cha m'fakitale, ndalama zokonzera zimatha kuposa mtengo wa china chatsopano. Mmisiri wachilungamo amanena zimenezi poyera, ngakhale akudziwa kuti kasitomala atuluka osasiya kanthu. Wosakhulupirika amamata guluu ndi misomali, n'kubweza katundu woti akathyokenso. Choipitsitsa ndi mwini amene wamva kuti chimango chasweka, n'kupukuta chishalo ndi mafuta kuti chiwale, n'kukachigulitsa kwa wophunzira kumene kukwera.

7. Pa mkangano wonsewu pali mmodzi amene sanasaine pepala lililonse. Chimango chosweka kapena chopotoka chimakanikiza malo amodzi pamsana pa hatchi. Poyamba pamaoneka timadera touma pakati pa thukuta chishalo chikachotsedwa. Kenako kutupa ndi zilonda. Pomaliza pamamera ubweya woyera umene nthawi zambiri subwereranso mtundu wake. Hatchi yotere imayamba kupinda makutu ikaona chishalo, kukana kuima, kapena kudumphadumpha, ndipo wokwera wosazindikira amaitcha yamwano n'kuikwapula. Mawaranti ambiri amalemba mosabisa kuti kuvulala kwa hatchi kapena kwa munthu sikuli m'lonjezo. Chishalo chokayikitsa chiyenera kupachikidwa tsiku lomwelo, ngakhale yankho la kampani litenge milungu, ndipo ng'ombe zikafunika kusonkhanitsidwa mawa lake, munthu abwereke cha mnansi.