MALAYA A YOSEFE NDI ZITHUNZI ZA PA FONI

Makolo athu pofuna kuthetsa mlandu anali kufunsa kuti, "Kodi unaona ndi maso ako, kapena unangomva?" Woona ndi maso ndiye anali mboni, ndipo wakumva cabe anali kukhala pansi. Lero funso limeneli lacepa mphamvu. Mnyamata ali ku Katete aona pa foni yake moto wa ku Johannesburg, nanena molimba mtima kuti, "Ndadzionera ndekha." Koma cimene waona ndi cithunzi, pamodzi ndi mau amene munthu wosadziwika analemba pansi pake.

Tsono acinyamata anzanga, tiyeni tisinkhesinkhe funso ili: kodi munthu amene atumiza cithunzi conama kwa anzake, iye osadziwa kuti ndi conama, ali ndi mlandu?

Malaya oona, nkhani yonama

Pa Genesis 37 tiwerenga za abale a Yosefe. Atamgulitsa, anapha mbuzi, naviika malaya ake m'mwazi, nawapereka kwa atate wao Yakobo kuti awazindikire. Taonani ucenjezi wao. Malaya anali a Yosefe ndithu, ndipo mwazi unali mwazi weniweni. Iwo sanafunike kulankhula zambiri. Yakobo yekha ndiye anamaliza bodzalo mumtima mwake, nakhulupirira kuti cirombo cadya mwana wake. Nkhalambayo inakhala zaka zoposa 20 iri kuyesa kuti mwana wake anafa, pamene iye anali moyo ku Aigupto.

Zithunzi zambiri zonyenga ziri ngati malaya aja. Palibe amene anazisintha. Moto uli m'cithunzimo unayakadi, ndipo anthu olirawo analiradi. Bodza liri pa malo, pa tsiku, ndi pa cifukwa cake.

Zimene zinacitika mu 2019

M'mwezi wa September 2019 ku South Africa kunabuka ciwawa colimbana ndi alendo, makamaka mu Johannesburg ndi Pretoria. Masitolo anafunkhidwa ndipo anthu anafa. Kuno kwathu ophunzira anaguba kupita ku ofesi ya kazembe wa dzikolo mu Lusaka, ndipo bungwe la FAZ linaimitsa masewera a mpira amene timu yathu inayenera kusewera ndi Bafana Bafana.

Ciwawaco cinali coona. Koma pakati pa zithunzi zimene zinayenda pa WhatsApp ndi Facebook panali zina zakale, ndi zina za maiko ena. Kanema wina anaonetsa anthu akulumpha kucokera pa nyumba yosanja imene inali kupsa, ndipo ambiri anati ndi alendo akuthawa moto wa aciwembu. Ofufuza nkhani anapeza kuti moto umenewo unayaka mu mzinda wa Surat ku India mu May 2019, ndi kuti unapha ophunzira 22. Taganizani za mai wa ku Cipata amene mwana wake agwira nchito ku Joni, mmene anagonera usiku umene anaona kanemayo. Amene anamtumizira sanafune kumzunza. Komabe anampatsa malaya oviika m'mwazi wa mbuzi.

Njira yofunsira cithunzi

Tinazolowera kufufuza pa intaneti polemba mau. Koma iripo njira ina yobwerera m'mbuyo: upereka cithunzi, ndipo kompyuta ikuuza malo ena kumene cithunzico cinaonekapo. Kampani ina ya ku Toronto, m'dziko la Canada, inatsegula TinEye mu 2008. Google inayamba kufufuza ndi cithunzi mu 2011, ndipo mu 2017 inabweretsa Google Lens, imene iri m'mafoni ambiri lero. Bing ndi Yandex nazonso zicita nchito yomweyi.

Kompyuta iyang'ana mitundu, mizere ndi maonekedwe a zinthu za m'cithunzimo, nipanga cizindikiro conga cidindo ca cala. Kenaka iyerekeza cidindoco ndi zithunzi mabiliyoni zimene inasonkhanitsa. Kawirikawiri icizindikira ngakhale wina atacidula m'mbali kapena kucicepetsa. Pa TinEye ungathe kusanja zotuluka kuyambira cakale kwambiri. Ngati ndi kanema, umuimitsa, nujambula cimene ciri pa galasi la foni, nufufuza ndi cimeneco.

Nchito yake ndi ya tsiku ndi tsiku. Wofuna nyumba ya lendi mu Lusaka angaone ngati cithunzi cimene "ejenti" wamtumizira si ca nyumba ya ku Nairobi, asanalipire ndalama pa foni. Mtsikana amene afunsiridwa pa Facebook ndi "dokotala wa ku London" angapeze kuti nkhope yomweyo iri ndi maina asanu. Gulu la acinyamata lisanasonkhe ndalama za mwana wodwala amene cithunzi cake cafika pa gulu lao, lingaone ngati cithunzico sicinayambe kuyenda zaka zapitazo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

"Ine ndangotumiza"

Tibwerere ku funso lathu. Ambiri adzikhululukira okha ndi mau akuti, "Si ndine ndinajambula, ine ndangotumiza." Koma taganizani cifukwa cake anzanu akhulupirira cimene mwatumiza. Iwo sadziwa amene anaciyamba. Adziwa inu: muimba nao kwaya, mutsogolera pemphero. Potumiza, mwabwereketsa dzina lanu ku nkhaniyo, ndipo mwakhala mboni yake. Lamulo la pa Eksodo 20:16 liletsa umboni wonama pa mnzathu, ndipo mboni yotsimikiza cimene sinafufuze iri pafupi kwambiri ndi kuliphwanya.

Tisaweruze mopitirira. Wopeka bodza dala ndi wonamizidwa sali pa mlandu umodzi, ndipo agogo amene sadziwa kufufuza sitingawayese monga tiyesa wophunzira wa Giredi 12. Yakobo analibe njira yodziwira kuti mwaziwo ndi wa mbuzi. Koma ife njira tiri nayo m'thumba, ndipo itenga mphindi ziwiri. Pali kusadziwa kwa munthu amene alibe pofunsa, ndiponso pali kusadziwa kwa munthu amene safuna kufunsa, cifukwa nkhaniyo yamkomera, kapena cifukwa iipitsa anthu amene iye adana nao kale. Kusadziwa kwaciwiriku munthu acita kusankha, ndipo cimene munthu wasankha adzayankha naco.

Wina anganene kuti, "Nanga ngati cenjezolo ndi loona, ine ndi kucedwa nalo?" Nkhawa imeneyi ndi yomveka. Koma mphindi ziwiri sizicedwetsa coonadi kwenikweni, pamene bodza likacoka m'manja mwanu simungaliitanenso. Mungapepese kwa anthu khumi amene munawatumizira, koma mazana amene iwo anatumizira simuwadziwa. Pepani sapoletsa cilonda.

Malire ake

Cipangizoci si mneneri. Ciona zokhazo zimene ziri poyera pa intaneti, cotero kusapeza kanthu sikutsimikiza kuti nkhani ndi yoona. Ndiponso tsopano pali zithunzi zopangidwa ndi kompyuta zimene palibe anazijambula. Mu March 2023 anthu ambiri anakhulupirira cithunzi ca malemu Papa Francis atavala jekete yoyera yofufuma, cimene cinapangidwa ndi pulogalamu ya Midjourney. Apo tiyenera kufunsanso kuti anayamba kucionetsa ndani, ndi kuti a nyuzipepala odalirika anenapo ciani.

Cinanso, mpeni wosendera mbatata ungalase munthu. Kutenga cithunzi ca mtsikana amene sakufuna, ndi kufufuza naco kumene akhala, si kufuna coonadi ai, koma kusaka munthu. Tifufuze kuti titeteze mbiri ya mnzathu, osati kuti timbvule.

Buku la Macitidwe, mutu 17, liyamikira anthu a ku Bereya cifukwa anafufuza m'Malembo ngakhale zimene anamva kwa Paulo mwini. Ngati mau a mtumwi anayesedwa, nanga cithunzi copanda mwini? Cikafika cina cokwiyitsa kapena cocititsa mantha sabata ino, cala cidikire pang'ono. Fufuzani. Mukapeza kuti ndi conama, uzani wokutumizirani mwaulemu ndi pambali. Mukalephera kutsimikiza, cithere pa foni yanu.