Kodi wogula mwakachetechete ndi wosalakwa?

Anzanga a pagulu pano, ine ndimagulitsa nyemba ndi mtedza pamsika. Sindilima ayi. Ndimapikula kwa alimi n'kugulitsa kwa inu. Ndiye nditawerenga mbiri ya Kilwa, ndinaona ngati akunena ine.

Kilwa Kisiwani ndi kachilumba ka kugombe la kummwera kwa Tanzania. Eni ake sankakumba golide. Golideyo ankachokera kumtunda, dera la Great Zimbabwe, n'kutsikira kudoko la Sofala, iwo n'kumasinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mbale za ku China. Phindu la pakatipo ndi limene linamanga mzikiti waukulu wa miyala ya m'nyanja komanso Husuni Kubwa, nyumba ya mfumu ya zipinda zoposa 100. Ankasula okha ndalama zamkuwa. Ibn Battuta atafikako mu 1331 anayamikira kukongola kwa mzindawo ndi kuwolowa manja kwa mfumu yake. Apwitikizi anadzaulanda mu 1505.

Mpaka apa palibe chondichititsa manyazi, wapakati nayenso amakhetsa thukuta. Koma tamverani izi. Mu 1776 mfumu ya Kilwa inapangana ndi Mfalansa wina, Morice, kuti izimugulitsa akapolo 1,000 chaka chilichonse. M'zaka za m'ma 1800 msika unasamukira ku Kilwa Kivinje, ndipo ambiri ogulitsidwa kumeneko ankachokera kuno kunyanja yathu, ena atawolotsedwa ndi Jumbe wa ku Nkhotakota. Wamalonda wa padoko uja sanatenthe mudzi wa munthu. Ankangowerenga mitu n'kulipira. Kodi m'manja mwake munali moyera?

Musafulumire kuyankha. Mwezi wa Meyi kunabwera mayi ena ndi ndowa ziwiri za mtedza, kumbuyo atabereka mwana wotentha thupi. Anatchula mtengo wotsika zedi. Ndinadziwiratu kuti akufuna ya thiransipoti yopitira kuchipatala. Ndinawapatsa imene anatchulayo, osawonjezera olo kakobiri. Sindinabe, sindiname, ndipo phindulo ndinagulira mwana wanga makope.

Sindikunena kuti mtedza ndi munthu, izi n'zotalikirana kwambiri. Koma kachitidwe kake n'kamodzi: kuona mtengo, n'kutseka maso pa chimene chautsitsa. Ine ndimati kugula motchipa si kulakwa. Kulakwa kumayambira pamene wadziwa chifukwa chake, n'kudzichititsa ngati sukudziwa. Tsiku limenelo ine ndinkadziwa.

Nanga inu, mukamanenerera mulu wa tomato dzuwa litapendeka, mpaka wogulitsa n'kungoti "tengani basi", mumakhala mukudziwa chiyani? Mayi a mtedza aja sindinawaonenso.